Mchira wa Nthanda

9 Febuluwale

Amake Kamphuno,

Moni wanga ayambe wafika kaye, nkhani zibwere pambuyo. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana, Amayi ndi onse apakhomo? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka utsi wa kuntchito kamene mukukadziwa kale.

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri. Ndinaiwerenga nditaima pageti, ndinaiwerenganso m'basi, mpaka Ndevu, mnzanga wa kuntchito wogona naye chipinda chimodzi uja, anati ndiisiyeko ipume. Ndiye mukuti mwanayo watenga mphuno yanga? Mumupepesere. Zabwino zonse zimene inu muli nazo, iye n'kukasankha chimphuno changachi! Basi kwa ine dzina lake ndi Kamphuno, linalo muziitana ndinu.

Ndikuseka, koma mumtimamu mukuwawa. Ndinachoka mwanayo ali m'mimba, lero mukuti wayamba kukwawa, ine nkhope yake sindikuidziwa. Nditakumana naye pamsewu ndikhoza kumudutsa ngati mwana wa eni ake. Pangano langa la ntchito likutha mu Okutobala. Ndikangolandira malipiro a kumapeto aja, tsiku lomwelo ndikwera basi. Ndikufuna ndidzamuone ndi maso angawa, zomamva m'makalata zandikwana.

Kangachepe ndatumiza kudzera mwa alamu anu. Mugule sopo ndi mankhwala a Amayi, zotsalazo musunge za malata. Chipinda chakumbuyo chija chisaonenso mvula ina chili chosafolera. Munthu akabwera ndi nkhope yachisoni kudzabwereka, mumuuze kuti mwini wake ndi wouma mtima, ine ndilolera kutchuka choncho. Kunonso zinthu zakwera, buledi tikugula mosinthana ndi Ndevu.

Tsono ndikuuzeni kanthu, koma musakwiye. Ndagula magalasi oonera kutali, akale ndithu, kwa munthu wina woyala katundu pansi pafupi ndi siteshoni. Ndalama yake inali ya nsapato, koma nsapato zanga zikadali ndi moyo pang'ono. Mlandu wake ndi wa Ndevu. Mkonono wake uli ngati chigayo, moti tulo timandithera kusanache. Ndikatero ndimakwera pamwamba pa nyumba yathuyi, pamene pali thanki ya madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala, n'kukhala pachidebe kudikira nthawi ya basi. Magetsi a m'tauni amabisa nyenyezi zing'onozing'ono, koma zikuluzikulu zimaoneka. Nthanda ndiye imatuluka kum'mawa ili ngwee, pamwamba pa chumuni cha fakitale. Ndikaiona ndimadziwa kuti inunso mwadzuka, mukukoleza moto, ndipo ili pamwamba pa nyumba yathunso.

Sabata yatha kachitsotso kachitsulo kanandilowa m'diso lakumanja ndikupala geti. Ndevu anakachotsa ndi nsonga ya mpango n'kundidonthezera mkaka. Lapola, musaganize zambiri. Wowotcherera zitsulo wopanda maso ofiira ndiye kuti ndi mlesi.

Mumupsompsone mwanayo pamphuno pomwepo.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphuno

2 Malichi

Amake Kamphuno,

Ndikhulupirira muli moyo nonse. Mano a mwanayo atuluka? Kutsegula m'mimba kuja kwaleka? Ine ndine wamphamvu.

Lero ndili ndi nkhani, khalani pansi. Kumwambaku kwabwera chinthu chachilendo. Ndinachiona koyamba Lolemba m'bandakucha. Pambali pa Nthanda, chakumunsi kudzanja lamanja, pali kanthu kotuwa, kooneka ngati kautsi, kokhala ndi kamchira kolozera pansi. Ndinayesa ndi litsiro la magalasi aja, ndinawapukuta ndi malaya. Kanthu kali pompo. Ndinawaika pansi n'kuyang'ana ndi maso okha, kalipobe, kungoti kochepa.

Inu mukundidziwa, chinthu ndikapanda kuchimvetsa nsabwe zimandiyenda m'mutu. Ndinayamba kuchotsa chimodzichimodzi. Ndege si ndege, chifukwa ndege imaphethira ndipo imapita. Setilaiti ndimaidziwa, imayenda mwakachetechete kudutsa thambo lonse ngati munthu wopita kwawo, koma ichi sichisuntha, chimangokakamira Nthanda. Ndinaganizanso za utsi wa chumuni, koma Lamlungu fakitale siigwira ntchito ndipo chinthucho chinalipo. Mapeto ake ndinapita kwa wogulitsa mabuku akale, ndinapeza kabuku ka nyenyezi kopanda chikuto. M'menemo muli chithunzi cha nyenyezi ya mchira, imene akuti imabwera kamodzi pa zaka zambiri n'kupitanso. Amake mwana, kufanana kwake!

Ndinamudzutsa Ndevu kuti adzachitire umboni. Anakwera masitepe akutukwana, bulangete lili kumutu. Ndinamupatsa magalasi, ndinamulozera bwinobwino. Anayang'ana, anayang'ana, kenako akuti, "Akulu, ine ndikungoona nyenyezi imodzi ndi tulo tanga timene mwandibera." Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anati nkhono yakeyo ndiidye ndekha, n'kutsika. Munthu wopenta amene uja, maso ake anazolowera mageti.

Ndiye ndikupempha inu. Mukadzuka kokoleza moto, muime pakona pa chipinda chosafolera chija, muyang'ane kum'mawa. Kwanuko kulibe magetsi ambiri, muchiona bwino kuposa ine. Mumunyamule mwanayo achione nayenso, ngakhale sadzakumbukira. Tidzamuuza atakula kuti chaka chimene anayamba kukwawa kumwamba kunabwera mlendo, ndipo bambo ake ndi mayi ake anamuonera limodzi ali kutali.

Kuntchito maoda achuluka, anthu akuno mantha ndi akuba, aliyense akufuna geti ndi zitsulo za m'mawindo. Galasi lakuda la chigoba changa chakumaso linang'aluka. Akapitawo akuti zatsopano zikubwera, nyimbo yake ndi yomweyo kuyambira chaka chatha. Komanso kunena zoona, pogwiriziza zitsulo tisanaziwotcherere kwenikweni palibe amene amavala chigoba. Umangoloza, kutsinzina, thwa, watsegula, wapita pena. Ukamati vala vula, vala vula, anzako amaliza mageti awiri iwe uli pa limodzi. Tonse timatero.

Wojambula zithunzi uja akadutsa, mumuitane amujambule mwanayo. Musaumire, ndidzabweza.

Ine wanu,
Bambo a Kamphuno

13 Epulo

Amake Kamphuno,

Moni nonse. Ndamva kuti Amayi miyendo yayambanso, muwauze asamapite kumunda m'mame. Alamu anu muwakumbutse kuti mitengo ya denga aiike pamthunzi, ikakhala padzuwa ipindika.

Ndiye mukuti mwadzuka masiku anayi otsatizana, mwana ali kumsana, ndipo simunaone kanthu? Mukuti Nthanda ili yokhayokha ngati kale? Mayi inu, ndikudziwa mmene mumayang'anira. Diso limodzi kumwamba, lina pa mphika. Pamene munalemba kuti mwina mwamuna wanu wayamba kumwa ndinaseka mpaka kutsokomola. Sindinayambe. Ndalama yake ndiitenga kuti?

Chithunzi chafika, zikomo. Koma wojambulayo musadzamupatsenso ndalama, ndi wakuba. Dzanja lake linagwedezeka. Ndikuona diresi, ndikuona manja anu mwamugwira m'chiuno, koma nkhope yangokhala mbuu, ngati mwana ali kuseri kwa katani. Ndachiyang'anira pawindo, ndachiyang'anira pansi pa babu, chimodzimodzi. Ndevu akuti chithunzicho chilibe vuto, mwanayo ndi wokongola ndipo ali ndi kadzino kamodzi. Amangofuna kundisangalatsa. Ndachiika m'chikwama cha chiphaso changa, ndimayenda nacho pamtima.

Mlendo wathu uja wakula. Mchira wake tsopano watalika, ndipo masiku ena umaoneka ngati wagawanika pawiri. Kabuku kaja kakuti nyenyezi zotere zikamayandikira dzuwa mchira umakula, ndiye zonse zikugwirizana. Chimene chikundizunguza n'chakuti pa wailesi sakunenapo kanthu.

Safunsa anadya phula. M'nyumba yathu yomweyi, m'chipinda chapamwamba penipeni, mumakhala bambo wina wachikulire amene tonse timangomuti Aphunzitsi. Anapuma ntchito kalekale, akazi awo anamwalira, ana ali kutali. Anandipeza padenga akudzayanika malaya, nandifunsa chimene ndimafuna kumwamba tsiku ndi tsiku. Nditawafotokozera sanandiseke. Anakhala pachidebe changa n'kundifunsa ngati kukhoti. Chili mbali iti? Chimatuluka nthawi yanji? Chikusuntha poyerekeza ndi nyenyezi zinzake? Anati iwo maso awo ndi okalamba, sakuchiona, koma ali ndi chipangizo chachitali choonera nyenyezi chimene anabwereketsa kwa mdzukulu wawo. Chikabwera tidzayang'ana limodzi.

Anandiuzanso kuti nyenyezi zamchira zina zinapezedwa ndi anthu wamba, ongokonda kuyang'ana kumwamba, ndipo zimatchedwa dzina la woipezayo. Tangoganizani! Dzina la kwathu, limene ngakhale akapitawo amalephera kulitchula, lili kumwamba. Kamphuno akadzayamba sukulu azidzauza anzake kuti iyo ndi ya bambo anga. Musandiseke, kulota salipira.

Pepani ndi kalembedwe, mizere ikukwera phiri. Babu la m'chipinda muno lafooka. Madzulo maso amandiotcha ngati muli mchenga, ndiye ndimagona chagada, Ndevu n'kundiika timapisi ta mbatata yaiwisi pazikope. Ndi mankhwala athu owotcherera, amaziziritsa bwino. Iye amati ndimaoneka ngati ndiwo zoti zikazingidwe.

Ine wanu,
Bambo a Kamphuno

25 Meyi

Amake Kamphuno,

Muli bwanji? Mwana ali bwanji? Ndachedwa kuyankha, mundikhululukire. Ndinayamba kalatayi kawiri n'kuing'amba.

Za mbuzi imene alamu anu akufuna kugulitsa, akanizeni. Za mpanda, chitani mmene mwaonera. Mwachita bwino kumugulira mwanayo nsapato, poti mukuti wayamba kuimirira chogwira mpando.

Chipangizo cha Aphunzitsi chinabwera. Loweruka m'mawa ndinawanyamulira pamwamba, ndi chachitali ngati mpope wa madzi, chili ndi miyendo itatu. Ndinavala malaya oyera, sindikudziwa chifukwa chake. Ngakhale Ndevu anadzuka yekha osadzutsidwa. Aphunzitsi anachiloza kwa Nthanda, anapotokola apa ndi apo, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Bwerani muone, mwanawe."

Chipangizo chimenechi sichili ngati magalasi anga a maso awiri. Chili ndi kabowo kamodzi, umayang'ana ndi diso limodzi. Ndinaika lakumanja. Mayi inu, chinthu chija chinadzaza ponseponse, mchira uli yalayala. Ndinakuwa kuti, "Si ichi! Aphunzitsi, si ichi apa!"

Iwo anangoti, "Tayesani diso linalo."

Ndinaika lakumanzere. Nthanda inali yokha, yoyera bwino, yooneka ngati kamwezi kakang'ono. Pambali pake panali mdima basi. Ndinati mwina ndagunda mwendo wa chipangizo. Ndinabwezera lakumanja, chinthu chija n'kubwerera. Lakumanzere, palibe.

Aphunzitsi anandigwira paphewa nanditembenuza. "Onani getsi lofiira lili pansanja apo. Phimbani diso lakumanzere ndi dzanja. Mukuona chiyani?"

Getsi lija linali ndi mchira. Mchira womwewo, wolozera pansi kudzanja lamanja, wogawanika pawiri. Ndinayang'ana getsi la pamsewu, mchira. Windo la nyumba ina, mchira. Miyezi yonseyi magetsi a m'tauni ndimawaona otuwa, ine ndimati ndi utsi wa mafakitale, sindinawayang'anitsitsepo ngati mmene ndimachitira ndi Nthanda.

"Mumagwira ntchito yanji, mwanawe?" anandifunsa. Nditawauza anapukusa mutu. "Nyenyezi yanuyo ili m'diso mwanu. Pitani kuchipatala sabata ino, musadikire."

Ndevu, munthu wa pakamwa uja, anangotola magalasi anga amene ndinagwetsa n'kuwapukuta. Ine ndinakhala pachidebe mpaka basi yoyamba inandisiya. Manyazi anandigwira, mantha anabwera pambuyo. Ndinakudzutsani m'mame masiku anayi, mwana ali kumsana, kufunafuna chilonda cha m'diso mwanga kumwamba.

Usiku wake ndinatulutsa chithunzi chija, ndinaphimba diso lakumanja. Kadzino kaja ndinakaona pang'ono. Koma nkhope sinayere bwinobwino ngakhale ndi lakumanzere, ndipo zimenezo ndi zimene zandisowetsa tulo. Wojambula uja ndinamunamizira, mukamuona mumupatse moni.

Amayi musawauze kaye.

Ine,
Bambo a Kamphuno

15 Juni

Amake Kamphuno,

Moni. Ine ndilipo, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Kuchipatala ndinapita. Aphunzitsi anandiperekeza ndi ndodo yawo, anati ndikapita ndekha ndikabwerera pakhomo. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala ake ndi mayi wamng'ono, mwina msinkhu wanu. Anandiika chibwano pa kachitsulo, anandiunika ndi katochi, kenako anandiuza kuti ndiwerenge zilembo za pakhoma. Ndi lakumanja ndinawerenga chachikulu chapamwamba chokha. Ndi lakumanzere ndinatsikako pang'ono n'kuyamba kulota.

Anandifunsa kuti ndawotcherera zaka zingati, ndipo ngati ndimavala chigoba. Ndinati ndimavala. Anandiyang'ana ngati mmene mumandiyang'anira inu ndikanama. Akuti lakumanja lili ndi zipsera kunja ndi m'kati momwe, lapita, silingabwerere. Lakumanzere layamba njira yomweyo. Anati, "Bambo, mukasiya ntchito imeneyi lero, diso ili likhoza kukusungani zaka zambiri. Mukapitiriza, ine sindikulonjezani kanthu." Anandipatsa mankhwala odontheza ndi kapepala koti ndikapereke kuntchito.

Kapepalako sindinapereke. Ndikufotokozereni musanakalipe. Ndikakapereka, andiuza kuti pepani, pitani mukapume. Ndipo pangano lathu likuti wochoka nthawi isanakwane malipiro a kumapeto aja sawaona. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuwerengera amenewo. Ndiwo denga, ndiwo makina osokera amene ndinakulonjezani, ndiwo chakudya cha miyezi imene ndidzakhale ndikufuna chochita china. Ndikabwera lero ndibwera ndi chikwama cha zovala ndi diso limodzi. Tidzadya chiyani, nkhope ya mwana?

Yangotsala miyezi inayi. Ndagula galasi lakuda latsopano ndi ndalama yanga, ndasiya zodikira akapitawo. Zotsinzina zija ndachepetsa. Kusiyiratu sindingathe, chifukwa ukatsalira m'mbuyo amayamba kukuyang'anitsitsa, ndipo ine pano sindikufuna kuyang'anitsitsidwa. Diso limene lapirira zaka zonsezi silingalephere miyezi inayi.

Padenga ndinasiya kukwera. Ndevu akayamba mkonono ndimangogona chagada kumvetsera. Aphunzitsi anagogoda tsiku lina kuti tikaone mwezi, ndinawauza kuti ndatopa. Anaima pakhomo kanthawi, nati, "Mwanawe, denga amagula, diso sagula." Ndinawayankha mwaulemu kuti ndamva. Iwo ali ndi penshoni, n'chifukwa chake mawu otere amawatuluka mosavuta.

Mundiuze zonse za mwanayo. Tsitsi lake ndi lotani? Akaseka amatseka maso ngati inu?

Ine wanu,
Bambo a Kamphuno

10 Ogasiti

Amake Kamphuno,

Moni. Musadabwe zilembo kukula, ndikulemba ndi cholembera chimene timalembera pazitsulo. Chinacho chimandithawa papepala.

Makalata anu onse awiri anafika. Anandiwerengera ndi Ndevu, choncho mukamalemba muzidziwa kuti pali khutu lachitatu. Pamene munalemba za usiku umene ndinanyamuka paja anaima, anatsokomola, n'kunena kuti apa palembedwa mosaoneka. Ndinamuuza kuti awerenge basi. Anawerenga mawu akunjenjemera, chimunthu chandevu chonsecho.

Mwandikalipira, ndamva. Mukuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukuti munakwatiwa ndi munthu, simunakwatiwe ndi malata, ndipo mukhoza kugona m'chipinda chodontha moyo wanu wonse bola ndibwere ndikuona. Mukuti mwanayo wayamba kuyenda ndipo amaloza mwamuna aliyense wodutsa. Mawu amenewo anandilasa, ndinatuluka panja kuti Ndevu asandione. Zonse mwanena ndi zoona. Koma mayi, ndasambira mtsinje wonse, ndimire m'mphepete? Yatsala miyezi iwiri yokha.

Poti Amayi mwawauza, palibe kanthu. Muwauze asalire, mwana wawo sanafe.

Kuntchito zikuyenda. Ndevu amabwera msanga n'kundiyezera zitsulo zonse, amaika zizindikiro zikuluzikulu za choko, ine n'kumangotsata. Pena ndimapapasa ndi chala. Ndapsa pang'ono dzanja lamanzere, si zoti mudandaule. Geti lina linatuluka lopendama, akapitawo anakalipa, Ndevu anati ndi iye analigwetsa popenta. Munthu ameneyu sindikudziwa kuti ndidzamubwezera chiyani.

Dzulo potuluka kuntchito ndinakweza maso mwangozi. Kumwamba miyezi inali iwiri, wina pamwamba pa unzake, yonse yamichira. Ndinaphimba lakumanja. Inali iwiribe.

Magalasi aja ndawapatsa Aphunzitsi kuti apatse mdzukulu wawo. Uzani alamu anu ayambe kufunsa mtengo wa misomali.

Ine,
Bambo a Kamphuno

19 Okutobala

Amake Kamphuno,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa Amayi ndi onse. Dzanja limene mukuonali ndi la Aphunzitsi. Ine ndakhala pabedi ndikunena, iwo akulemba. Ndawapempha kuti alembe mmene ndikunenera, asakonze kanthu.

Pangano latha Lachisanu. Ndinafika nalo kumapeto, ndipo andipatsa zonse, osadula. Akapitawo anandigwira chanza nati ndine mmisiri, ndikafuna ndidzabwerenso. Posaina Ndevu anaika chala chake pamzere kuti ndidziwe poyambira. Ndalamazo zatumizidwa kale kwa inu, osati kwa alamu anu. Denga litheka, makina osokera atheka. Zimene ndinatsalira kuno ndazipeza zonse.

Tsono ndikuuzeni zoona, chifukwa mukadzazionera pa siteshoni zidzakupwetekani koposa. Lakumanzere linatseka mwezi watha. Silinatseke tsiku limodzi, linkangochepa ngati nyali yotha mafuta, ine n'kumati mawa liyera. Masabata omaliza ndagwira ntchito ndi zala ndi maso a Ndevu. Ndinabwerera kwa adokotala aja. Sanandikalipire, ndipo kusakalipa kwawoko ndi kumene kunandiuza zonse. Anangondigwira dzanja n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Si mdima weniweni, musaganize choncho. Usana ndi usiku ndimasiyanitsa. Munthu akaima patsogolo panga ndimadziwa kuti pali munthu, wamtali kapena wamfupi. Koma pamene pamayenera kukhala nkhope pamangokhala mbuu. Aphunzitsi ali pafupi nane pano, ndikumva cholembera chawo, koma sindingakuuzeni ngati akundiyang'ana.

Munandiuza, Aphunzitsi anandiuza, adokotala anandiuza. Palibe amene ndingamuloze chala. Ndinkati ndikugulira mwana wanga denga, ndipo ndalipira ndi chinthu chokhacho chimene ndinkafuna kubwera nacho. Ndikulira, amake mwana, ndipo sindikuchita manyazi kuti mkuluyu alembe zimenezo. Mundikhululukire ngati mungathe. Mukalephera lero, mudzayese mawa, ine ndidzakhala ndili pakhomo pomwepo.

Ndinyamuka Lachitatu, ndifika Lachisanu masana ngati basi siifa panjira. Ndevu wapempha tchuthi kuti andiperekeze mpaka kumalire, kuchokera apo andipereka m'manja mwa kondakitala. Musabwere ndi gulu. Amayi adikire kunyumba, alamu anu adzanyamule chikwama n'kutsogola. Inu mudzayambe ndinu kuyankhula, kuti ndidziwe kolowera.

Mwanayo musamukakamize kubwera kwa ine. Sakundidziwa, ndipo maso angawa akuti asintha mtundu, akhoza kuchita mantha. Mudzangomuimika pansi, padzuwa, pamalo poyera, inu n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndikufuna ndidzamuone akuyenda yekha, ngakhale chithunzithunzi chabe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha, musaiwale. Mitundu yambiri yandithawa, yoyera ndi yachikasu zimangosakanikirana ndi kuwala, yobiriwira ndi yakuda ndi chimodzimodzi. Koma dzulo mayi wina anadutsa pamsewu atanyamula ndowa, ndipo ndinaiona bwinobwino mpaka anakhota. Ndinamufunsa Ndevu mtundu wake, anandiuza. Ndiye pa ndalama zimene zafikazo, musanagule msomali ngakhale umodzi, pitani kumsika mukamugulire mwanayo diresi lofiira. Likhale lofiira kwambiri, lopanda maluwa. Chofiira ndikuchionabe.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamphuno